Mwala womwa madzi: chikomekome cha mkuyu?

Amene mumakonda kuyendayenda pa Facebook kapena pa TikTok muyenera kuti mudakaonapo kale kakanema kake. Munthu akutuluka m'bafa mapazi akudontha madzi, n'kuponda pa kathabwa kotuwa kooneka ngati mwala wosalala. Zidindo za mapazi zikuoneka kwa kamphindi chabe, kenako zii, zazimirira ngati mame dzuwa likatuluka. M'kakanema kena mayi akuika botolo la chakumwa chozizira pa kambale ka mwala womwewo, thukuta lonse la botolo likumwedwa, tebulo n'kutsala louma.

Katunduyu akugulitsidwa kwambiri pa intaneti ndi m'masitolo akuluakulu a kunja, moti banja limene lili ndi mwana ku Joni kapena ku UK likhoza kungomupeza m'chikwama cha mphatso za Khirisimasi. Otsatsa malonda amati ndi mwala wachilengedwe, sununkha ndipo sufuna kuchapa. Kwa mayi amene amalimbana ndi chiguduli cha pakhomo la bafa m'nyengo ya dzinja, chija chimatha sabata chisanaume, uthenga wotere ndi wokoma m'khutu.

Tisanamizane, kumwa madzi kokha zinthuzi zimamwadi. Koma zimene zidachitika ku Japan kumapeto kwa chaka cha 2020 zikutiuza kuti funso loyamba la wogula lisakhale loti kodi chimamwa madzi, koma loti kodi m'kati mwake adaikamo chiyani.

Choyamba tidziwe kuti chimene akuchitcha mwalachi si mwala wosema kuphiri ngati mphero. Ndi thabwa lopangidwa kufakitale kuchokera ku dothi loyera ndi lopepuka lotchedwa diatomite. Dothili ndi zigoba za tindere tating'onoting'ono tam'madzi, tosaoneka ndi maso, timene timapezeka m'nyanja ndi m'mitsinje padziko lonse, kuphatikizapo m'nyanja yathu ya Malawi. Kandere kalikonse kamakhala m'kachigoba ka silika, chinthu chomwe chija chimapanga mchenga ndi galasi, ndipo kachigobako kali ndi timabowo tosawerengeka. Tinderet tikafa, tizigoba timamira n'kuunjikana pansi kwa zaka zikwizikwi, kwina mpaka mamiliyoni. Nyanjayo ikadzaphwa pamatsala dothi lokhala ngati choko. Madzi akagwera pa dothi lotere amalowa m'timabowo tija, amamwazikana, kenako n'kuuma ndi mpweya. Matsenga ake ndi omwewa basi.

Dothili si lachilendo. Amakumba ku Lompoc m'chigawo cha California ku America, ku China, komanso ku Kariandusi pafupi ndi tauni ya Gilgil ku Kenya. Mafakitale a mowa amasefera mowa wawo. Alfred Nobel, mwini dzina la mphoto yotchuka ija, adalimwetsa mankhwala ophulika n'kupanga dynamite imene adailembetsa m'chaka cha 1867. Ku Japan amasemera timbaula ta makala totchedwa shichirin, ndipo tauni yodziwika ndi ntchitoyi ndi Suzu, imene idaphwasuka ndi chivomezi cha pa 1 Januwale 2024. Amisiri a kumeneko akhalanso akulisakaniza m'pulasitala wa makoma, ndipo amisiri a pulasitala a mumzinda wa Kanazawa ali m'gulu la anthu oyamba kuumba zopondera za m'bafa ndi dothili. Malonda atakoma, mafakitale ena ambiri, makamaka a ku China, adayamba kupanga zawo zotchipa.

Apa mpamene pagona nkhani. Dothi lokhalokha silingagwirane mpaka kukhala thabwa loti bambo wa makilogalamu 80 apondepo osasweka. Amalisakaniza ndi laimu kapena simenti, n'kuthiramo ulusi wolimbitsa, kawirikawiri wa pepala, kenako n'kulitsindira m'makina. Njira yake ndi yofanana ndi yopangira matabwa a siling'i ndi a makoma. Ndipo kwa zaka zambiri ulusi wotchipa, wolimba ndi wosapsa ndi moto umene opanga matabwa otere ankaudalira udali asbestos.

Zidayambira pa mphatso ya khonsolo

Ku Japan kuli ndondomeko yoti munthu akhoza kupereka gawo la msonkho wake ku khonsolo ya tauni imene wakonda, ndipo khonsoloyo imamuthokoza ndi kamphatso ka katundu wopangidwa m'dera lake. Khonsolo ya Kaizuka, m'chigawo cha Osaka, inkapereka zopondera za m'bafa ndi timbale toikapo makapu topangidwa ndi fakitale ina ya m'tauniyo. Mu Novembala 2020 unduna wa zaumoyo ndi ntchito m'dzikolo udalengeza kuti mphatsozo zidali ndi asbestos wopyola muyezo. Fakitaleyo inkadula katundu wake kuchokera ku matabwa akale amene idagula dzikolo lisanakhwimitse lamulo m'chaka cha 2006. Lamulolo limaletsa kupanga, kuitanitsa kunja ngakhale kugulitsa chilichonse chimene asbestos wake wapyola 0.1 peresenti ya kulemera kwake. Kunena kwina, galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse.

Nkhani ya fakitale imodzi yaing'ono ikadathera pomwepo. Koma idachititsa kuti masitolo ena ayambe kuyeza katundu wawo, ndipo zotsatira zake zidadzidzimutsa dziko. Mu Disembala chaka chomwecho kampani ya Cainz, yomwe ili ndi masitolo a zipangizo za m'nyumba, idapempha makasitomala kuti abweze katundu pafupifupi 290,000. Patangopita masiku ochepa Nitori, kampani yaikulu yogulitsa mipando ndi ziwiya, idalengeza kuti ikuitanitsa katundu pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo mwezi usanathe chiwerengerocho chidapyola 3 miliyoni. Katundu wa makampani awiriwa adapangidwa ku China, dziko limene limalolabe kugwiritsa ntchito asbestos woyera pa zinthu zina. Wina mwa katunduyo adali atagulitsidwa kwa zaka zingapo popanda wodziwa kanthu. Akuluakulu a makampaniwo adapepesa, ndipo ogula adabwezeredwa ndalama.

Malangizo a unduna adali achidule. Udati munthu akamangopondapo kapena kuikapo kapu, ulusi wa asbestos suuluka chifukwa ndi womangika m'thabwamo. Koma udachenjeza kuti asapale, asaswe, asataye kudzala, ndipo ngati chasweka kale achikulunge m'majumbo awiri n'kumata ndi tepi mpaka eni sitolo adzachitenge.

Mawu oti asapalewo ndiwo adawawa kwambiri, chifukwa zopondera zambiri za mtunduwu zimagulitsidwa pamodzi ndi kachidutswa ka sandipepa m'bokosi momwemo. Pakapita miyezi, sopo, mafuta a m'thupi ndi litsiro zimatseka timabowo tija ndipo chopondera chimasiya kumwa madzi. Malangizo a wopanga amati zikatero mupale pamwamba ndi sandipepa kuti timabowo tatsopano titseguke. Ndiye kuti munthu womvera, wowerenga malangizo ndi wosamala katundu wake, ndi amene adagwada m'bafa yotseka n'kumapala thabwa la asbestos mphuno ili pafupi. Waulesi amene sadalikhudze ndi amene adapulumuka.

Asbestos ndi mwala umene umanyenyeka kukhala tiulusi tosaoneka ndi maso. Tikalowa m'mapapo thupi limalephera kutitulutsa. Timayambitsa zipsera m'mapapo, khansa ya m'mapapo, komanso khansa ina yovuta kuchiza yotchedwa mesothelioma, imene imagwira kachikopa kokuta mapapo. Choipa kwambiri n'chakuti matendawa amabwera mochedwa, patapita zaka 20, 30 kapena 40, munthu ataiwala kale kumene adapumira fumbilo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mitundu yonse ya asbestos imayambitsa khansa, ndipo anthu oposa 200,000 amamwalira chaka chilichonse kamba kopuma fumbi lake kuntchito.

Tisakokomeze. Ambiri mwa odwalawo ndi anthu amene adapuma fumbili kwa zaka zambiri m'migodi, m'mafakitale ndi pa ntchito za zomangamanga. Munthu amene adapala chopondera kamodzi kapena kawiri sangafanane ndi wa mumgodi. Komabe madokotala sadapeze mulingo wa fumbili umene anganene kuti uwu ndiye wabwinobwino, ndipo palibe chifukwa choti banja lidziike pa chiopsezo, ngakhale chochepa, pofuna kungopukuta mapazi.

A ku Japan adachita changu chifukwa adapsapo kale. M'chaka cha 2005 kampani ya Kubota idaulula kuti antchito ake ambiri a pafakitale yakale yopanga mapaipi mumzinda wa Amagasaki adamwalira ndi matenda a asbestos. Kudapezekanso kuti anthu wamba okhala pafupi ndi fakitaleyo, amene sadalowemo n'komwe, adadwala mesothelioma. Lamulo la 2006 lija lidabwera mkwiyo wa nkhani imeneyi usanazizire.

Ife a kuno nkhani ya fumbi la m'mapapo sitikuimvera kwa alendo. Azigogo ambiri adapita kukagwira ntchito m'migodi ya ku Zimbabwe, dziko limene migodi yake ya Shabanie ku Zvishavane ndi ya ku Mashava inkatulutsa asbestos wochuluka. Ena adapita ku migodi ya golide ku South Africa n'kubwerako ndi chifuwa chosamva mankhwala kamba ka fumbi la silika. Mu 2019 khoti la kumeneko lidavomereza mgwirizano wa chipukutamisozi cha R5 biliyoni kwa anthu amene adadwala matenda a fumbi ndi TB m'migodi ya golide, ndipo ndalamazo zikuyendetsedwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. South Africa idaletsa asbestos m'chaka cha 2008. Nyumba zakale zambiri kuno zikadali ndi madenga a asbestos, ndipo langizo lake ndi lomwe lija la ku Japan: likakhala lathunthu lisiyeni, osaliboola kapena kulicheka mwachisawawa. Tikumbukirenso kuti diatomite mwiniwake ndi silika. Choncho ngakhale chopondera chopanda asbestos, fumbi lake si lopuma.

Kubweza katundu kumafuna adiresi

Chimene chikundidetsa nkhawa pa nkhaniyi si katundu amene adagwidwa, koma njira imene adagwidwira. Asbestos saoneka ndi maso, sanunkha, ndipo thabwa lokhala naye limafanana ndendende ndi lopanda. Zimatengera akatswiri a mu labotale kuti adziwe. Ngati dziko la Japan, ndi malamulo ake okhwima, lidagulitsa katunduyu kwa zaka popanda wozindikira, mayi wogula pa golosale kapena kwa mnyamata wotsatsa pa WhatsApp angazindikire bwanji?

Kachiwiri, ku Japan kubweza kudatheka chifukwa katunduyo adali ndi mwini. Nitori inkadziwa mtundu uliwonse umene idagulitsa, fakitale imene idaupanga ndi nthawi imene udali pa shelefu. Idali ndi masitolo kumene wogula akadapita, idali ndi dzina loti iliteteze, ndipo boma lidali ndi khomo loti ligogode. Boma silidalekere pomwepo. Kuyambira mu Disembala 2021 aliyense woitanitsa zopondera, timbale toikapo makapu kapena mapoto, ndi matabwa ena a diatomite kuchokera kunja ayenera kukhala ndi chikalata chotsimikizira kuti katunduyo adayezedwa ndipo alibe asbestos wopyola muyezo.

Lamulo limeneli limateteza madoko a Japan okha. Fakitale imene katundu wake wakanidwa pamsika wina siitseka tsiku lomwelo ayi, imayang'ana msika wina kumene ogula safunsa zambiri. Ndipo katundu wambiri wa m'nyumba amene amafika m'matauni mwathu amabwera wopanda dzina la wopanga. Wina amabwera m'katoni yolembedwa chilankhulo chimene wogulitsa yemwe sangawerenge, wina m'chikwama cha wochita geni wodutsa pa Mwanza, pa Dedza kapena pa Songwe, wina ndi wogwiritsidwapo kale ntchito, wopanda bokosi n'komwe. Mutamva lero pa wailesi kuti mtundu wakutiwakuti ndi woipa, mungadziwe bwanji kuti wanu ndi womwewo? Nanga mukabweza kwa yani?

Mabungwe oteteza ogula tili nawo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lidakhazikitsidwa mu 1972 ndipo lili ndi ndondomeko yoyendera katundu wolowa m'dziko. Tili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, komanso bungwe loima palokha la CAMA. Koma tinene chilungamo, maso a anthu ambiri amakhala pa mafuta ophikira, ufa, feteleza ndi simenti, ndipo m'pomveka chifukwa ndi zimene zimakhudza aliyense. Timbale khumi ta makapu tobwera m'sutikesi sitidutsa pa tebulo la woyeza aliyense. Maganizo anga ndi akuti zimene adachita a ku Japan mu 2021 ndi zosavuta kutengera: woitanitsa katundu wotere wambiri kuti adzagulitse aonetse chikalata cha kuyeza. Boma silifunika kugula makina atsopano kuti lifunse pepala, ndipo wamalonda woona mtima akhoza kulipeza kwa amene adamugulitsa.

Si zopondera zonse zimene zili ndi vuto, ndipo kunena choncho kungakhale kunamizira anthu osalakwa. Mkokomo wa 2020 utachitika, opanga ambiri adayezetsa katundu wawo n'kuonetsa poyera kuti alibe asbestos. Palinso mtundu wina wofewa, wopindika ngati kapeti, umene umagulitsidwa ndi dzina lomwelo la diatomite koma kwenikweni ndi nsalu yokhala ndi labala kunsi. Umenewo sufuna sandipepa ndipo susweka, ngakhale kuti kuutcha mwala ndi bodza la malonda chabe.

Tsono palinso funso lina limene otsatsa malonda salikhudza: kodi thabwali lidapangidwira nyumba ngati zathu? Ku Japan anthu amavula nsapato pakhomo, pansi pa bafa ndi posalala, ndipo munthu amaponda chopondera atangotuluka m'madzi. Kuno mabafa ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ali panja, pansi pake ndi simenti yokumbika kapena njerwa zoyala. Thabwa louma ngati limeneli likakhala pamalo osalingana limathetheka pakati munthu wolemera akangopondapo. Fumbi lathu lofiira, matope a m'dzinja, sopo wamtanda ndi mafuta odzola zimatseka timabowo msanga kuposa mmene zingatsekere kumeneko. Kambale ka kapu nako kakamwa tiyi wotayika kamasunga banga lake. Zotsatira zake n'zakuti mwini wake adzafuna sandipepa kawirikawiri, ndipo adzakhala ndi zidutswa msanga. Zinthu ziwiri zimene unduna uja udaletsa, kupala ndi kuswa, ndi zimene moyo wathu wa tsiku ndi tsiku ungachulukitse.

Onjezeranipo chizolowezi chathu. Mwala wa m'bafa kwathu kuno ntchito yake ndi kukhulapo zidendene pochotsa zikang'a, ndipo gogo akauona m'bafa sadzafunsa kuti uwu ndi wa chiyani. Chidutswa chake n'choyera ndipo chimalemba pakhoma, ana adzachisandutsa choko. Ndipo ife sititaya chinthu. Thabwa likasweka wina adzalicheka ndi sowo kuti apangepo timbale ting'onoting'ono toikapo mapoto.

Pali ngozi ina imene ndiyenera kuitchula chifukwa alimi ena adamvapo za dothili. Ufa wa diatomite umaphadi anankafumbwe. Umamatirira pakhungu la kachilombo, n'kuyamwa mafuta oteteza khungulo mpaka kachilomboko kuuma, ndipo akatswiri a zaulimi adauyesa m'nkhokwe za alimi ang'onoang'ono ku Zimbabwe ndi ku Tanzania. Koma umenewo ndi ufa wokonzedwera ntchito imeneyo. Chopondera chosweka chili ndi laimu, simenti, utoto ndi zina zimene wopanga yekha akudziwa. Wina asayerekeze kuchisinja mumtondo n'kuthira m'matumba a chimanga.

Kwa amene muli nacho kale m'nyumba, palibe chifukwa chochitira mantha kapena kuchiswa ndi hamala. Ngati chili chathunthu ndipo mukudziwa kampani imene idapanga, funsani wogulitsa ngati idayezetsa. Ngati dzina palibe, kapena n'chakale cha 2020 isanathe, sandipepa ija itayeni. Chikada chitsukeni ndi madzi, n'kuchiimika pamthunzi podutsa mphepo mpaka chiume, chifukwa dzuwa lamphamvu limachipinditsa. Chikasiya kumwa madzi ndiye kuti chatha ntchito. Chikasweka, nyowetsani zidutswa ndi madzi musanazitole, pukutani pansi ndi chiguduli chonyowa m'malo mosesa ndi tsache, ikani zonse pamodzi ndi chigudulicho m'majumbo awiri ochindikala, mangani bwino n'kukwirira m'dzenje lakuya kumene ana ndi khasu sizifika. Musatenthe. Asbestos sapsa, moto umangonyenya thabwalo n'kusiya ulusi m'phulusa.

Kwa amene mukufuna kugula, kapena mwana wanu wakufunsani pafoni kuti akutumizireni chiyani, funsani dzina la kampani, dziko limene katunduyo adapangidwira, ndi ngati pabokosi kapena papepala palembedwa kuti adayezedwa. Mawu oti "wachilengedwe" asakukopeni, asbestos nayenso ndi wachilengedwe, amachita kukumba pansi. Bokosilo lisungeni, chifukwa ndi umboni wokhawo umene mudzakhale nawo kukadzamveka nkhani.

Ndipo ngati vuto lanu ndi chiguduli chonunkha chija, kalipentala wa pamsika akhoza kukukhomerani chopondera cha timatabwa totalikirana pang'ono, madzi n'kumadutsa m'mipatamo, ndipo masana mumangochiimika kukhoma kuti chiume. Timbale toikapo makapu amayi oluka ndi mlaza ndi nsungwi amapanga kalekale. Sitimwa madzi mwamatsenga ngati ta m'kakanema tija, koma tikanyowa mumayanika pa chingwe, ndipo tikamasuka mumabwerera kwa amene adaluka tsiku la msika.